Ntchito ya osamalira milandu ya ziwawa pa Kamwendo

Pa Kamwendo, m'boma la Mchinji, pomwe msewu wochokera ku Kasungu umakumana ndi wa M12 wopita kumalire a Zambia, mlandu wa ziwawa umadutsa m'manja mwa anthu angapo. Oyamba kufika pamalo amakhala achitetezo a m'mudzi, amene amagwira ntchito modzipereka, popanda malipiro. Iwo amapereka woganiziridwa kwa apolisi, apolisi amamutengera kwa majisitileti, ndipo akamangidwa amakhala m'manja mwa asilikali a ndende, monga a ku Maula ku Lilongwe. Onsewa amafunsa funso limodzi: kodi munthuyu akamasulidwa adzavulazanso wina?

Yankho limadalira kwambiri mtundu wa chiwawacho. Mu 1987 akatswiri a maganizo a ku America, Kenneth Dodge ndi John Coie, adasiyanitsa mitundu iwiri. Woyamba ndi wa kupsa mtima: munthu watukwanidwa pamowa, kapena akukanganirana malire a munda ndi m'bale wake, basi watola khasu. Wachiwiri ndi wochita kukonzekera, monga wa mbava zonyamula zikwanje zimene zimadikirira mlimi amene wagulitsa soya kapena mtedza, ngakhalenso wakabaza wobwerera kunyumba usiku.

Kafukufuku wa Dewey Cornell ndi anzake wa mu 1996 adapeza kuti akaidi ochita chiwawa chokonzekera nthawi zambiri amakhala ouma mtima, osamva chisoni ndi amene adamuvulaza. Khalidwe limeneli limayenderana ndi kubwereza milandu. Izi sizitanthauza kuti wopsa mtima ndi wosaopsa. Bambo womenya mkazi wake amabwerera kunyumba yomweyo, kachasu ali pomwepo, mkangano uli pomwepo. N'chifukwa chake apolisi a nthambi yothandiza ozunzidwa amafunsitsa ngati kumenyako kudachitikapo kale, ndipo lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limalola khoti kulamula wankhanza kuti asayandikire wodandaula. Anthu ambiri amaonetsa mitundu yonse iwiri, choncho wofufuza wanzeru amayang'ananso msinkhu umene munthuyo adayambira kupalamula, kamwedwe kake ndi anzake oyenda nawo.

Pakati pa polisi ndi ndende pamagwira ntchito alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI, amene adayamba kulowa m'ndende za m'Malawi mu 2000. Iwo si maloya. Amafotokozera a pa limandi za belo, amafunafuna achibale oti awaikire chikole, ndipo milandu ing'onoing'ono amalimbikitsa kuti ikathere kumudzi pokambirana. Kuba moopseza ndi kupha sizilowa m'njira imeneyi.

Ntchito yolemetsa kwambiri ndi ya asilikali a ndende, amene amaphunzitsidwa ku Mapanga ku Zomba. Kusiyanitsa akaidi kumafuna malo ndi nthawi, koma ndende n'zodzaza, monga khoti lidanenera mu 2009 pa mlandu wa Gable Masangano. Mnyamata amene adalasa mnzake pa ndewu ya tsiku limodzi amagona mothithikana ndi mbava zozolowera ntchito yawo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ena amatuluka atadziwana ndi magulu amene sakadakumana nawo kumudzi. Ukalipentala ndi ulimi wophunzitsidwa m'ndende zimathandiza amene adaba chifukwa chosowa pogwira. Wopsa mtima amafunika uphungu, ndipo alangizi otero ndi ochepa.

Mkaidi akatuluka, nkhani imabwerera kwa nyakwawa ndi achitetezo a m'mudzi. Iwo ndiwo amayanjanitsa banja la wolakwa ndi la wolakwiridwa, kuonetsetsa kuti womasulidwayo wapeza munda wolima, ndiponso kuletsa anthu okwiya kuti asamulange okha.