Mtambo umene ungasunge zikalata za anthu a ku Milange

MILANGE: Munthu wa kuno akamva mawu akuti mtambo, amayang'ana ku phiri la Tumbine kuti aone ngati kukubwera mvula. Koma achinyamata odziwa za makompyuta akasonkhana ku Maputo, mawu omwewa amatanthauza chinthu china, ndipo nkhani yake ikukhudza mlimi aliyense amene amasunga zikalata zake m'chikwama cha pulasitiki pansi pa mphasa.

Mu March 2023, namondwe wa Freddy adatera kachiwiri m'dziko lino pafupi ndi Quelimane, ndipo mvula idagwa masiku angapo osaleka m'Zambezia muno ndi kutsidya kwa malire, m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Nyumba zidagwa, mbewu zidakokoloka. Madzi ataphwa, mabanja ambiri adapeza kuti chiphaso cha Bilhete de Identidade, cédula ya mwana, masatifiketi a sukulu ndi mapepala a munda zaonongeka kapena zapita ndi madzi. Kupezanso chikalata chimodzi kumafuna ndalama ya ulendo, masiku odikira pa ofesi, ndiponso nambala imene mwini wake nthawi zambiri saikumbukira.

Apa ndi pamene nkhani ya mtambo imabwera. Magulu a anthu okonda makompyuta, monga MozDevz ndi GDG Maputo limene limakonza msonkhano wotchedwa DevFest, amakumana kuti aphunzitsane. Wina amaima kutsogolo kufotokoza zimene wadziwa, anzake amafunsa mafunso. Umodzi mwa mitu imene amakamba ndi umene pa Chingerezi amati cloud computing. Tanthauzo lake n'losavuta: chithunzi kapena kalata sizikhala m'foni mokha, koma zimatumizidwa pa intaneti kukasungidwa m'makompyuta akuluakulu a kampani ina, m'nyumba zotetezedwa zimene magetsi ake sazima. Zili ngati kusunga gawo la chimanga m'nkhokwe ya mbale wa kumtunda: madzi akasefukira kudimba, mbewu imakhalapobe.

Nkhokwe zimenezi zili pansi pano, ndipo zina zili pafupi. Kampani ya Microsoft idatsegula zake ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo Google ku Johannesburg mu 2024. Uthenga wochoka m'foni ya ku Milange umadutsa pa nsanja ya netiweki, n'kuyenda m'mawaya mpaka kukafika ku nkhokwe zotere.

Kuphunzitsana za makompyuta kumidzi sikudayambe lero. Mu 1999, likulu la za makompyuta la Universidade Eduardo Mondlane lidatsegula malo ophunzirirako anthu wamba ku Manhiça ndi ku Namaacha. Nthawi imeneyo munthu ankayenera kupita kumene kuli kompyuta. Zinthu zidasintha pamene Movitel idayamba ntchito mu 2012 ndi kufikitsa netiweki m'midzi yakutali. Lero foni ya m'manja yokhala ndi kamera ikukwanira.

Njira yake ndi iyi. Munthu amatsegula akaunti ya Google, imene imapereka malo aulere okwana 15 GB, okwanira zithunzi zambirimbiri. Amajambula chikalata chilichonse mbali zonse ziwiri pamalo owala, manambala aoneke bwino, kenaka n'kuzitumiza ku akauntiyo. Foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi, amalowa pa foni ina ndi dzina ndi mawu ake achinsinsi, zithunzi zonse n'kuzipeza. Chithunzi sichilowa m'malo mwa chikalata chenicheni pamaso pa boma, koma chimaonetsa nambala, tsiku ndi ofesi imene idachipereka, ndipo zimenezi zimafupikitsa ntchito yopempha china.

Pali misampha imene anthu a m'malire ayenera kuidziwa. Woyamba ndi wa manambala. Ambiri kuno amasinthasintha makadi a foni, lero Movitel kapena Vodacom, mawa Airtel kapena TNM akapita kumsika wa Muloza. Akaunti imamangiriridwa ku nambala imodzi, ndipo nambala ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito kampani imaitseka, mwina n'kuipereka kwa munthu wina. Woiwala mawu achinsinsi amene watayanso nambala angakanike kulowa m'nkhokwe yake yomwe.

Wachiwiri ndi wa chinsinsi. Anthu ambiri amapempha wogulitsa mafoni pamsika kuti awatsegulire akaunti, ndipo mawu achinsinsi amatsala ndi iyeyo. Kumeneko n'kusiya kiyi wa nyumba kwa munthu wodutsa. Mwini akaunti asinthe mawuwo tsiku lomwelo, awalembe, n'kuuza mmodzi yekha wa m'banja amene amamukhulupirira.

Wachitatu ndi wa netiweki. Pa nthawi ya namondwe nsanja zimazima, ndipo kumapeto kwa 2024, zisankho zitatha, intaneti ya pa foni idadulidwa kangapo m'dziko lino. Chifukwa chake mapepala enieni asungidwebe m'botolo kapena m'ndowa yotseka bwino, pamalo okwera.

Kuti maphunziro otere afike ku Milange, sipafunika kudikira alendo ochokera ku Maputo. Mphunzitsi wa sekondale, wachinyamata wokonza mafoni ndi aulutsi a wailesi ya Thumbine angathe kuitana anthu Loweruka limodzi pa sukulu kapena pa tchalitchi, aliyense atatenga foni ndi zikalata zake. Ndi bwino msonkhano wotere uchitike miyezi ya chilimwe, mapepala akadali ouma ndipo misewu ikadali yodutsika.