Dzina ndi limodzi, mphamvu n'zosiyana

Makolo a ku Angónia ndi Tsangano amene mwagulitsa kachewere kuti mugulire mwana laputopu, tamverani kuno. M'kati mwa makinawa muli kachipangizo kotchedwa GPU, pa Chipwitikizi amati placa gráfica. Ndiko kamapanga zithunzi zonse zooneka pagalasi.

Wogulitsa adzakulozerani kapepala komatidwa pamakinawo, kolembedwa NVIDIA RTX 3060. Musafulumire kumasula mpango. Mtunduwu unatuluka mu 2021 uli pawiri: wa kompyuta ya patebulo unabwera ndi memori ya 12GB, wa laputopu 6GB basi. Ngakhale malaputopu okhaokha safanana. Ina GPU yake imadya mawati 60, ina 115, ndipo ya 60 ija imatsalira pokonza kanema waukwati. Mawatiwo mufunse ndithu, pakapepala paja salembapo.

Komatu yamphamvuyo imatentha, batire lake silichedwa kutha, ndipo kasola kakang'ono ka pakhomo kamagonja. Mwana wongolemba za kusukulu, Intel Iris Xe imukwanira. Wojambula maukwati yekha ndiye asankhe mofatsa, chifukwa m'malaputopu ambiri GPU ndi yowotcherera, simungaichotse n'kuikapo ina.