MWANA WA ZAKA 8 PAMPANDO WA UFUMU

Nthano za pamoto zimatha usiku womwewo, ana asanagone. Koma ku Japan kuli nthano imene inayamba m'chaka cha 1997, ndipo kufikira lero mwini wake sanaimalize. Dzina lake ndi One Piece. Mlembi wake, Eiichiro Oda, amaisimba ndi zithunzi zojambula, mau a anthu ake nalembedwa m'kati mwa zithunzizo. Nthano za mtundu umenewu eni ake amazitcha manga. Imatuluka chigawo chigawo m'magazini yotchedwa Weekly Shonen Jump, ndipo pofika m'chaka cha 2022 mabuku ake osindikizidwa anali atapitirira 500 miliyoni. Seŵero lake la pa Netflix, limene linatuluka mu 2023, analijambulira ku Cape Town.

Nthanoyi ikamba za mnyamata Luffy ndi anzake, achifwamba a panyanja amene ayendayenda ndi chombo chao kufunafuna chuma chobisika. Ngakhale atchedwa achifwamba, kaŵirikaŵiri ndiwo amapulumutsa anthu ozunzidwa ndi mafumu ankhanza. Popeza nthanoyi imatuluka pang'onopang'ono, aŵerengi ake amakhala ndi nthaŵi yokangana za m'tsogolo mwa anthu a m'nthanomo. Mwa iwo, mmodzi amene anautsa mkangano waukulu ndi mwana wotchedwa Momonosuke.

Momonosuke ndi mwana wa Oden, mloŵaufumu wa dziko lopeka la Wano, limene linatseka malire ake kuti alendo asaloŵemo. Adani aŵiri, Kaido ndi Orochi, analanda dzikolo, namponya Oden mumphika wa mafuta oŵira, ndipo anafera momwemo. Pofuna kupulumutsa mwana, mai wake anamtumiza mwamatsenga zaka 20 kutsogolo. Motero iye anafika akali wa zaka 8, pamene mlongo wake wamng'ono, Hiyori, anali atakula kale. Dziko analipeza lili pa njala, mitsinje yake itaipitsidwa ndi mafakitale a zida za nkhondo.

Nkhondo yoombola Wano itafika poŵaŵa, mwanayo anaona kuti thupi lake lachepa. Anapempha mai wina, Shinobu, amene ali ndi mphamvu yopsetsa zinthu nthaŵi yake isanakwane, monga achitira munthu wovundika nthochi, kuti amkulitse. Shinobu anayamba wakana, popeza zimenezi sizibwezeka, koma potsiriza analola. Momonosuke anasanduka mwamuna wa zaka 28, nzeru ndi mtima zikali za mwana. Adani atagonja, m'zigawo zimene zinatuluka mu 2022, iye anakhala pampando wa ufumu.

Apa mpamene aŵerengi anagaŵanika. Ena anati mwanayo anachita bwino, pakuti anthu amene azunzika zaka 20 sangayembekezenso zaka zina kuti mfumu yao ikule. Ena anati akulu omzungulira anamlakwira. Kupempha anapempha yekha, inde, koma mwana wa zaka 8 sadziŵa kulemera kwa chimene akutaya. Umboni wao ndi wa tsiku limene Luffy anatsazika: mfumu yamsinkhu ija inamthamangira kudoko, ikulira ngati khanda, kumpempha kuti asaisiye.

Gulu lachitatu linati kukadakhala bwino akadakwera chombo cha Luffy kukaona maiko, monga anachitira atate wake, mlongo wake kapena nduna zikumsungira mpando. Maganizo ameneŵa sachilendo ku Malaŵi. Inkosi ya Makosi Gomani IV ya Angoni a ku Ntcheu itamwalira mu 2009, mwana wake anali wamng'ono, ndipo azakhali ake anagwirizira ufumu kufikira iye anavekedwa mu 2012.

Oda anasankha kuti Momonosuke atsale. Luffy anamsiyira mbendera ya chombo chake kuti adani aope kumputa, ndipo mfumu yatsopanoyo inaganiza zoyamba yadikira isanatsegule malire. Chomwecho funso silinathe: kodi wovundikidwayo adzapsadi, kapena adzangofeŵa kunja, m'kati ali waŵisi?

Omvera a kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, m'boma la Zomba, sasoŵa kupita ku Japan kuti amve funso limeneli. Padoko la Kachulu, pomwe mabwato a ku Chisi amakocheza, ntchito ya nsomba ndiyo idyetsa mabanja ambiri. Asodzi ena amatha masabata ali m'zimbowera, timisasa toyandama pakati pa mabango ndi njedza, akupha matemba, milamba ndi makumba. Panyanjapa pamadziŵikanso anyamata otchedwa abila, amene ntchito yao ndi kumira m'madzi amatope kukakolola khoka likakodwa pansi. Ena mwa iwo ndi a msinkhu wa sukulu ya pulaimale. Madzi amenewo ali ndi likodzo, ndipo womira sangaone ngakhale dzanja lake lomwe.

Zifukwa zimene makolo amapereka zifanana ndi za gulu loyamba lija. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulukamo. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka. Banja lodziŵa zimenezi limati nsomba zikapezeka aliyense agwire ntchito, pakuti za chaka chamaŵa sizidziŵika. Mwana nayenso, poona anzake ali ndi ndalama m'thumba, amapempha yekha, monga anapemphera Momonosuke. Akabwera kunyanja amalankhula ngati bambo, nagula sopo ndi ufa wa pakhomo. Koma nyanja ikaphwanso, amatsala pamtunda ndi thupi lotopa, osatha kulemba ngakhale kalata yofunsira ntchito ina.

Malamulo a dziko ali kumbali ya gulu lachiŵiri. Maphunziro a pulaimale anakhala aulere mu 1994. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 liletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yomlepheretsa sukulu. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 aŵerengedwe kuti ndi mwana. Komabe lamulo lolembedwa silimira m'madzi kukakolola khoka, ndipo siliphika nsima.

Nchifukwa chake maganizo a gulu lachitatu ayenera kumveka bwino kugombe kuno. Iwo sanakane kuti katundu alipo. Anangofunsa kuti amsenze ndani kufikira mwana atakula. Pakhomo, wosenzayo ndi malume, azakhali kapena mchimwene wamkulu. Padoko ndi mwini khoka amene alemba munthu wamkulu ngakhale malipiro ake ndi okwera, komiti ya asodzi yokana kuti ana akwere bwato masiku a sukulu, ndi nyakwaŵa yoitana makolo pabwalo. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Zaka za Momonosuke zinatayika pa pepala, ndipo aŵerengi a maiko ambiri anamdandaulira. Zaka za mwana wa ku Kachulu zimatayika kamodzi, m'madzi enieni, ndipo omteteza ndi akulu amene amuona m'maŵa uliwonse akuloŵera kudoko, belu la sukulu likulira.