Tiyi wa ku Thyolo ndi mbewa zosambira

Mayi wothyola tiyi ku Satemwa kapena ku Conforzi, dengu lili kumsana, amatsina masamba awiri ndi kansonga. M'masamba anthete amenewo muli theanine, mankhwala achilengedwe amene katswiri wa ku Japan, Yajiro Sakato, anawatulukira mu 1949. Ofufuza akufuna kudziwa ngati theanine angathandize wodwala matenda ovutika maganizo, uja kumudzi timangoti akuganiza kwambiri.

Funso lotere amayamba kulifunsa mbewa, potsata njira imene Roger Porsolt anakonza ku France mu 1977. Amatenga mbewa zoweta, osati zokumba kumunda zija, n'kuika imodziimodzi mumtsuko wagalasi wa madzi, woterera moti singakwere. Poyamba mbewa imaphiriphitha, kenako imangoyandama, mphuno ili pamwamba. Pa mphindi 6, wofufuza amawerenga nthawi imene yakhala duu. Gulu lina amalipatsa madzi chabe, lina mankhwala odziwika monga imipramine, lachitatu zimene achotsa m'chomera chimene akuchiyesa. Za gulu lachitatu zikalimbikira kusambira ngati za imipramine, amati chomeracho chili ndi kanthu. Ku China ndi ku Japan, mbewa zopatsidwa theanine zinalimbikiradi.

Koma mbewa siulula za mumtima mwake. Yoyandamayo mwina sinataye mtima, yangochenjera, ikusunga mphamvu. Yosambirayo mwina yangotakasuka thupi, pakuti caffeine, amenenso ali mu tiyi yemweyo, amaisambiritsa chimodzimodzi. Palinso nkhani ya muyezo. Kapu ya tiyi imakhala ndi theanine pafupifupi mamiligalamu 25, pamene poyesa pa anthu nthawi zambiri amapereka 200 pa tsiku. Awo ndi makapu 8, ndipo womwa tiyi wochuluka chotero tulo angatione?

Ngakhale chomera chimene chapambana pa mbewa ndi pa anthu pomwe chimafuna kusamala nacho. St John's wort, zitsamba zotchuka ku Germany, zimathandiza ena amene matenda ovutika maganizo sanawakulire, koma zimachepetsa mphamvu ya ma ARV ena monga nevirapine. Kuno kwathu, kumene ambiri amadalira ma ARV, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Tiyi imwani, ndi wathu. Koma mbale wanu akatha milungu iwiri ali khuma, sakugona, sakudya, kapena akunena zodzipha, musamuphikire tiyi n'kukhala pansi. Pitani naye kuchipatala cha boma ku Thyolo kapena chapafupi ndi kwanu.