Nanga amalume a Cinderella anali kuti?

Loweruka lina ndinapita kukazonda azakhali ku Ndirande, cha ku Makata. Ndinapeza ana asanu ataunjikana pa foni imodzi pakhonde, akuonera Cinderella, ija ya 2015, yomasuliridwa m'Chichewa. Anali atakaibenetsa kumsika pa memori khadi. Itafika poti bambo a mtsikanayo amwalira ndipo mayi omupeza ayamba kumugwiritsa ntchito ngati kapolo, msuweni wanga wa zaka 11 anadzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Asuweni, nanga amalume ake ali kuti? Osabwera kudzamutenga bwanji?"

Ndinaseka, koma funsolo ndinakwera nalo minibasi. Mwana yemweyu sanayambe wafunsapo kuti Kalulu anaphunzira kuti kuyankhula. Pa nthano amangovomera "Tilitonse" basi. Nanga bwanji pa Cinderella anafuna amalume? Ganizo langa ndi lakuti nthano ikaseweredwa ndi anthu enieni, kenako n'kudutsa pakamwa pa womasulira, woonera amayamba kuimva ngati nkhani ya pakhomo loyandikana nalo. Umboni wake uli m'galamala momwemo.

Ya katuni kapena ya anthu?

Cinderella amene ambiri timamudziwa anachokera m'buku la Charles Perrault wa ku France, la mu 1697. Abale awiri a ku Germany, Jacob ndi Wilhelm Grimm, anasindikiza wawo mu 1812. Kampani ya Disney inapanga katuni yake mu 1950, ndipo mu 2015 Kenneth Branagh anatsogolera filimu imene Lily James anasewera ngati Cinderella. M'zaka zomwezi munatulukanso Maleficent mu 2014, Beauty and the Beast mu 2017, Aladdin mu 2019, The Little Mermaid mu 2023 ndi Snow White mu 2025.

Pa Chingerezi mafilimu otere amawatcha "live-action". Ife tilibe liwu limodzi lokhazikika, koma ana a ku Makata sanavutike nazo. Nditafunsa kuti akuonera iti, anayankha kuti, "Ya anthu, osati ya katuni." Mawu awiri okha, tanthauzo lonse lakwana.

Mafilimuwa safika ku Bangwe kapena ku Machinjiri kudzera m'nyumba zikuluzikulu za kanema. Amafika m'mavidiyo sho, m'malo obenera, ndi pa mafoni. Ambiri amakhala atadutsa kwa DJ amene amatsitsa mawu a Chingerezi n'kulowetsapo ake, uku akumasulira, uku akufotokoza, uku akuseketsa. Luso limeneli si lathu lokha: ku Kenya kuli DJ Afro, ku Uganda kuli VJ Jingo, ndipo ku Tanzania anthu amakumbukirabe malemu Lufufu.

Chitseko cha "padangokhala"

Tiyeni tiliphwanye liwu lotsegulira nthano zathu: pa-da-ngo-khal-a. Pa- akuloza malo, koma malo ake osatchulidwa. Phatikizo la -da- likuonetsa nthawi yakale. Kenako pali -ngo-, amene timamumva mu "ndangobwera" kapena "wangokhala". Iyeyu ndiye mwini nkhani. Akutiuza kuti zinthu zinangokhala choncho, chifukwa chake musafunse. Omvera akayankha kuti "Tilitonse", ndiye kuti avomera pangano limenelo. Kuyambira pamenepo fulu akhoza kukwatira mwana wa mfumu, palibe wodabwa.

Taonaninso kuti kuno ku Blantyre ambiri timati "anapita", pomwe "adapita" timamumva kwambiri m'chigawo chapakati ndi m'mabuku. Komabe pa nthano, ngakhale mwana wobadwira ku Zingwangwa mudzamumva akuti "padangokhala". Kwa iye -da- ameneyu ali ndi fungo la kalekale, la kwa agogo.

Tsono mverani DJ. Iye sanena kuti "mtsikana uja adalira". Amati, "Taonani mtsikanayu akulira apa." Mneni ali m'nthawi yatsopano, ya -ku-. Mawu olozera nawo asendera pafupi: uja wasanduka uyu, paja pasanduka apa. DJ sangachitire mwina, chifukwa munthuyo akuoneka, misozi ikutsikadi pa tsaya lenileni. Chitseko cha "padangokhala" palibe amene watsegula, pangano la "Tilitonse" palibe amene wavomera. Ndiye mwana ali ndi ufulu wonse wofunsa za amalume.

Chilombo chisanduka munthu nthawi isanakwane

Apa ndi pamene Chichewa chimachita zimene Chingerezi sichichita. Mu Beauty and the Beast muli mwana wa mfumu amene anatembereredwa n'kusanduka chilombo. Pa Chingerezi wofotokoza akhoza kumutcha "he" kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osadziulula maganizo. Pa Chichewa mneni aliyense amafuna mgwirizanitsi, ndipo mgwirizanitsi amaulula gulu limene mwaikamo dzinalo.

Mu filimu yomasulira imene ndinaonera, DJ anayamba ndi gulu la Chi-Zi: chilombo chakwiya, chikubwera, chamutsekera. Koma pamene chilombocho chinapulumutsa Belle kwa mimbulu n'kuvulala, ndinangomva kuti "mkuluyu wavulala". Patsogolo pang'ono, pomuonetsa mtsikanayo chipinda cha mabuku, zinafika pa "akuluwa ayamba kukonda". Wachoka mu Chi-Zi, walowa mu Mu-A, mpaka walandira a- waulemu. Pa sikirini nyanga zikadalipo, ubweya ukadalipo, koma galamala yamusandutsa kale munthu.

Agogo athu ankachita zomwezi. "Njovu inabwera" ndi nyama ya m'tchire. "A Njovu anabwera" ndi mfumu imene ikudzaweruza mlandu. Njira yomweyi imathanso kuyenda chobwerera. Mayi omupeza a Cinderella amayamba ali "mayi awa", nkhanza zikakula amakhala "mayi ameneyu", ulemu wachotsedwa, ndipo pamapeto ndi "chimayi ichi". Pomwe mtsikanayo ndi "kamwana aka", ka- wachifundo. Musanauzidwe woti mumukonde ndi woti mudane naye, maphatikizo akuuzani kale.

Liwu limene tilibe

Vuto lenileni lili pa mayi wa zodabwitsa uja, amene amasandutsa dzungu kukhala ngolo, mbewa kukhala akavalo, abuluzi kukhala antchito. Pa Chingerezi ndi "fairy godmother". Theka lachiwirilo tikhoza kunena kuti amayi a ubatizo, koma "fairy" tilibe. Womasulira ayenera kusankha pa mawu amene alipo, ndipo lililonse limabwera ndi katundu wake.

Akati mngelo, wamulowetsa m'tchalitchi. Akati mzimu, ndiye kuti ndi wakufa wa pamtundu, ndipo ana aganiza kuti ndi mayi ake a Cinderella abwerera. Akati sing'anga, tiyembekezera mankhwala ndi malipiro. Akati mfiti, mayi wachifundo uja wamuika m'gulu la I-Zi: mfiti iyi, yabwera, ikumuthandiza. Chiganizo chomalizachi chimamveka chopindika m'khutu la Mmalawi, pakuti mfiti sithandiza mwana wamasiye.

Apa mpofunika kusamala, anzanga. Mu filimu ya 2015 mayiyu amayamba kuoneka ngati gogo wosauka wopempha mkaka. DJ akathamangira kunena kuti "imeneyi ndi mfiti", ana khumi kapena makumi awiri amene ali mu vidiyo sho amva kuti nkhalamba yosauka, yamakwinya, dzina lake ndi limenelo. Tonse timamva pa wailesi za agogo omenyedwa, ena kuphedwa kumene, powaganizira ufiti, ngakhale lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Sindikunena kuti filimu ndiyo imayambitsa zimenezo ayi. Ndikungoti liwu limene pa Chingerezi ndi la m'buku la ana, kwathu kuno limagwera munthu wamoyo.

Chonsecho nthano zathu zili naye kale munthu ameneyu. Ndi nkhalamba ija imene mtsikana amakumana nayo kumtsinje kapena panjira, imene imapempha thandizo lonyansa kapena lotopetsa. Woithandiza amadalitsidwa, woinyoza amaona zakuda. Liwu loyenera linali pafupi: agogo.

Kalonga, mwana wa mfumu ndi amalume aja

Nayenso "prince" ali ndi mavuto ake. M'mabuku ena mumapeza kalonga. Koma m'mbiri ya Amaravi, Kalonga si mwana wa mfumu, ndi mfumu yaikulu yeniyeniyo, monga Kalonga Gawa Undi amene likulu lake lili ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia. Tikati mwana wa mfumu, zamveka, koma pa mwambo wa Achewa ufumu umatsata kuchikazi. Wolowa m'malo amachokera kwa alongo ake a mfumu, osati mwana wobereka yekha. Kwa gogo wa ku Dedza, kukwatiwa ndi mwana wa mfumu si chitsimikizo choti udzakhala mfumukazi.

Mwambo womwewu ndi umene unabala funso la msuweni wanga. Kwa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo mwini mbumba ndi malume. Mayi akamwalira, akuchikazi amayenera kuonekera. N'zoona kuti m'matauni tasakanikirana, ndipo mwana wa Chisena kapena wa Chitumbuka mwina akanafunsa za abale a bambo. Koma onsewo akanafunsa za wachibale wina wake. Mwana wopanda mtundu ngati Cinderella ndi wovuta kumumvetsa.

Ndiponso taliyang'anani liwu loti "omupeza". Muzu wake ndi -pez-. Mayiwo anapeza mwanayo ali kale pakhomo. Liwu lokhalo likuchitira umboni kuti woyamba panyumbapo ndani. Choncho mayi omupeza akamamusamutsira Cinderella kudenga n'kutenga nyumba ya bambo ake, woonera wa ku Chilomoni akuona chinthu chimene ali nalo dzina lake: kulanda chuma cha masiye, mlandu umene lamulo la mu 2011 la chuma cha anthu omwalira limaletsa. Ena mwa ana amene amaonera filimuyi zimenezi zinawachitikira.

Zimene sizinatayike

Musaganize kuti ndikulira maliro a nthano. DJ waluso amagwiritsa ntchito zida zomwe zija za agogo, makamaka mivekero. Mayi wa zodabwitsa amangoti balamanthu. Diresi lili waliwali. Mtsikana akalowa, nyumba yonse ili zii. Ikakwana 12 koloko usiku, ndi liwiro la mtondo wadooka. Pa Chingerezi cha filimuyo mulibe mawu amenewa, DJ amawatapa m'nkhokwe ya Chichewa. Oonera nawo sakhala chete: amakuwiza, amatsutsa, amachenjeza mtsikanayo kuti athawe. "Tilitonse" uja anangosintha malaya.

Kwa ife ophunzira chiyankhulo, mafilimu amenewa ndi munda wosalimidwa. Tengani filimu imodzi yomasulira, mulembe mgwirizanitsi aliyense amene DJ wapatsa munthu mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, muone pamene wasinthira. Mukatero mundiuze zimene mwapeza, makamaka inu amene mumamva Chiyao kapena Chitumbuka, tione ngati kumenekonso zimayenda chimodzimodzi.

Tsiku lija ndinagona konko ku Makata. Madzulo magetsi atazima, foni nayo itatha moto, ndinamva msuweni wanga uja akusimbira ana anzake filimu yomweyo pakhonde. Anayamba ndi "Padangokhala", anzake n'kuvomera. Atafika pa imfa ya bambo aja anaima pang'ono, kenako anati, "Ndiye poti amalume ake adali ku Joni, padalibe womutenga." Palibe mwana amene anafunsanso kanthu.