Zomwe zili m'kapu ya khofi wosakaniza ndi gondolosi

MWANZA - Muzu wa gondolosi, omwe amalonda amagulitsa m'misika ya m'boma la Mwanza ndi madera ena m'dziko muno, anthu akhala akuutafuna kuyambira kalekale pokhulupirira kuti umawonjezera mphamvu za abambo m'banja. Masiku ano ena amauyanika, kuusinja ndi kuusakaniza ndi khofi. Chakumwachi chimakhala ndi mankhwala achilengedwe ochokera ku zomera ziwiri, ndipo ndi bwino womwa adziwe ntchito ya mankhwalawo m'thupi.

Khofi wa mtundu wa Arabica, yemwe amalimidwa ku Misuku, Thyolo ndi Mulanje, ali ndi caffeine amene amachotsa tulo ndi kufulumizitsa kugunda kwa mtima. Alinso ndi chlorogenic acid, mmodzi mwa mankhwala amene amathandiza kuteteza maselo a thupi kuti asawonongeke. Mankhwala achiwiriwa amachepa khofi akakazingidwa kwambiri, choncho khofi wokazinga mpaka kuda bii amakhala ndi ochepa poyerekeza ndi wokazinga pang'ono.

Gondolosi, yemwe dzina lake la sayansi ndi Mondia whitei, ndi chomera choyanga m'mitengo ya m'nkhalango. Fungo lokoma la muzu wake limachokera ku mankhwala otchedwa 2-hydroxy-4-methoxybenzaldehyde, omwe ndi ofanana kwambiri ndi amene amanunkhiritsa vanila. Ku Kenya muzuwu amautcha mukombero pomwe ku Uganda amati mulondo.

M'chaka cha 2008, katswiri wa ku Malawi, Fanuel Lampiao, pamodzi ndi anzake a pa yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa, adapeza kuti madzi a muzuwu amachititsa mbewu ya abambo kuyenda mwachangu. Komabe kafukufukuyo adachitikira pa mbewu yomwe idali m'zipangizo za mu labotale, osati pa anthu omwa chakumwa. Kafukufuku wina, monga wa ku Cameroon, adachitika pa makoswe. Motero khofi wa gondolosi sangalowe m'malo mwa chithandizo cha kuchipatala kwa banja lomwe likuvutika kupeza mphatso ya mwana.

Muzuwu suchotsanso caffeine m'kapu. M'chaka cha 2015, bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya la EFSA lidati munthu wamkulu asapyole mamiligalamu 400 a caffeine pa tsiku, omwe ndi makapu pafupifupi anayi, ndipo mayi woyembekezera asapyole 200. Odwala matenda a kuthamanga kwa magazi ayenera kufunsa kaye achipatala.

Chiopsezo china chili pa chomeracho. Popeza chofunika ndi muzu, okumba amazula tsinde lonse, ndipo ku South Africa gondolosi ali kale m'gulu la zomera zomwe zili pangozi yotheratu. Chomerachi chimamera kuchokera ku njere, choncho alimi a ku Mwanza atha kuchidzala pansi pa mitengo m'minda mwawo m'malo modalira cha m'nkhalango chokha.