Feteleza asalowe mu mgolo wa madzi a mvula

Ogulitsa mbande pa Nsipe, m'boma la Ntcheu, amapeza ndalama kwambiri m'nyengo yodzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo. Koma mbande yopserera masamba palibe amaigula, ndipo nthawi zambiri wolakwa amakhala feteleza.

Madzi a mvula ndi abwino pa nazale chifukwa alibe mchere ngati a m'mijigo ina. Vuto limayamba munthu akasungunulira feteleza mu mgolo wonse. Ndere zimamera, mphamvu ya yureya imauluka pang'onopang'ono, ndipo ana kapena ziweto zikamwa madziwo zikhoza kudwala.

Chofunika ndi kutunga malita 10 mu kheni, kuthiramo kasupuni kamodzi ka tiyi ka yureya, kutakasa bwino, n'kuthirira tsiku lomwelo. Dothi liyambe lanyowa ndi madzi wamba, chifukwa m'chubu dothi ndi lochepa ndipo mizu ilibe kothawira. Kamodzi pa masabata awiri n'kokwanira.

Mbande zikatsala pang'ono kupita kumsika, wogulitsa asiye kuthira feteleza kuti zikhwime. Zanthete zimafota zikangowokedwa, ndipo kasitomala wotaya ndalama zake sabweranso.